Nyenyezi zitatu: mabuku alipo, koma mnyamata wa pa WhatsApp uja amuchotsepo

Ndapereka nyenyezi zitatu pa zisanu, ndipo zitatu zonsezo ndi za mayi mwini bizinesi. Zikanakhala kuti ndikuweruza mnyamata amene amayankha mauthenga, bwenzi ili imodzi, nayonso yongomumvera chisoni.

Ambiri mukuwadziwa kale, aja a ku Lilongwe amene amaika zithunzi za mabuku pa Facebook, iwe n'kusankha, n'kulipira pa foni, iwo n'kutumiza pa basi. Ine ndili ku Blantyre. Ndinaitanitsa The Lord of the Rings, mabuku onse atatu a m'bokosi limodzi, pa K85,000 ija, kuphatikizapo timabuku tachikondi tinayi takaunjika ta mlamu wanga, ta K3,500 kamodzi. Za mtengo sindidandaula. Chigwereni kwacha mu November 2023 palibe buku lochokera kunja limene lili pa mtengo wa umunthu, ndipo amayiwa sakwezera dala. Katundu anafika tsiku limene ananena, atakulungidwa bwino m'pulasitiki moti mvula sinamukhudze. Mlamu wanga timabuku take anatimaliza sabata isanathe, akuti kamodzi kokha ndi kamene kanali ndi fungo la chinyontho. Mpaka apa zonse zinali bwino.

Buku loyamba ndinalimaliza popanda vuto. Lachiwiri ndi limene linandipweteka. Amene munawerengapo mukudziwa kuti chakumapeto kwake Frodo ndi mnzake Sam amakwera masitepe aatali a m'phiri, Gollum wowalondolera njira ali patsogolo, ndipo wowerenga amakhala akudziwa kuti kutsogoloko kuli choopsa. Magetsi anali atazima, ndikuwerenga ndi tochi ya foni, tulo tonse tathawa. Ndikutembenuza tsamba, ndikupeza ndabwerera m'mbuyo. Mawu omwe ndinawawerenga kale. Ndinayang'ana manambala: masamba 32 abwerezedwa, ndipo 32 amene anayenera kukhala pamenepo palibe. Pamene nkhani ikuyambiranso, zonse zachitika kale, kangaude wamkulu, choopsa chija, waluma kale munthu, Sam akulira. Ndiye kuti pamene munthu ndimayembekezera kuyambira buku loyamba, pomwepo ndi pamene panadumphidwa.

M'mawa ndinajambula masambawo n'kutumiza pa WhatsApp, mwaulemu ndithu. Timizere tiwiri tinasanduka tabuluu nthawi yomweyo. Yankho ayi. Madzulo ndinalembanso. Kenako kunabwera uthenga wa mawu, phokoso la mpira likumveka kumbuyo: "Madala, katundu akachoka kuno sabwerera. Mwina ana ang'amba kwanuko." Ndinamuuza kuti mwana sang'amba buku n'kumatamo masamba ena ofanana ndi akale, manambala ake omwewo, guluu wake yemweyo. Iye n'kuseka. Ndiye anandiyankha mawu amene andichititsa kulemba zonsezi: "Aaa, madala, ingoonerani filimu, zonse zilimo. Ndikutumizireni link?"

Munthu wogulitsa mabuku! Ndalama zanga 85,000 zili m'thumba mwawo, iye akundituma kukaonera filimu.

Filimuyo ndinaionera kalekale, zigawo zonse zitatu za Peter Jackson, za 2001, 2002 ndi 2003, ndipo ndimaikonda. Kuionerako ndi kumene kunandipatsa njala ya mabukuwa. Koma kunena kuti zonse zilimo ndi bodza la munthu amene sanatsegulepo katundu amene akugulitsa. Tom Bombadil wa m'buku loyamba mu filimu mulibe. Zimene ma hobbit, tianthu tafupi ta mtundu wa Frodo ndi Sam, amakapeza kwawo atabwerako kunkhondo, dziko lawo litaonongedwa, n'kuyamba kumenyera mudzi wawo, mu filimu anazichotsa. Ndipo ngakhale ndikanamvera malangizo akewo n'kuika filimu yachiwiri, kangaudeyo sindikanamupezamo, chifukwa opanga filimu anamusamutsira m'chigawo chachitatu. Kuonjezera apo, Tolkien, mlembi wa mabukuwa, sanalembe nkhani zitatu zosiyana zoti ukaphonya ina upitirire ndi inzake. Analemba nkhani imodzi, osindikiza ndi amene anaigawa patatu, awiri oyamba n'kutuluka mu 1954, lomaliza mu 1955. Kuchotsa masamba 32 pakati pake kuli ngati kupatsa munthu nsima n'kumulanda mbale ya ndiwo ali pakati pa kudya.

Zonsezi ndinamulembera. Anandiyankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu. Basi.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti kamnyozo kameneka sikachilendo kwa ife okonda nkhani zoterezi. Ukamawerenga za anjoka ouluza moto kapena za anthu okhala ku mapulaneti ena, anthu amakuyang'ana ngati sunakule. Ukakhala ndi kabuku kachikondi m'manja, ngati mlamu wanga, amati ndi zopusitsa atsikana. Kuntchito ndazolowera, ndimangoseka nawo. Koma anthu omwewo, amene anakulira pa nthano za Kalulu ndi Fisi, amene amakhulupirira kuti napolo akasamuka phiri limagumuka, ndi amene amadzaza mavidiyo sho kukaonera mafilimu omasuliridwa m'Chichewa, a anthu ouluka ndi malupanga. Kunyozedwa ndi anzanga ndingapirire. Kunyozedwa ndi munthu amene malipiro ake akuchokera m'thumba mwanga, ayi.

Ndinalemba pa tsamba lawo, poyera, mawu ochepa ndi zithunzi ziwiri. Sipanatenge nthawi foni inalira, nambala yachilendo. Anali mayi mwini wake. Sanayambe ndi kudziteteza. Anati, "Bambo, pepani kwambiri, ndaona zithunzi zija, vuto ndi lathu." Anandipempha kuti ndiwatumizire uthenga wa mawu uja, ndipo ataumvera anangoti "Mayo ine," kenako chete. Mnyamatayo akuti ndi mwana wa achemwali awo, amawathandiza akakhala kuntchito. Ndinamvetsa pomwepo chifukwa chake sadzachotsedwa.

Anandifotokozeranso mmene zoterezi zimachitikira, ndipo apa ndinaona kuti ntchito yawo amaidziwa. Buku silisindikizidwa tsamba limodzilimodzi. Amasindikiza pa chipepala chachikulu, n'kuchipinda kuti chipange kamtolo ka masamba 16 kapena 32, kenako timitoloto amatisanja motsatana n'kumata chikuto. Makina akatola kamtolo kamodzi kawiri, kena kamatsala, ndipo kunja buku limaoneka lathunthu, kunenepa kwake komweko. Bokosi langa linali lomata ndi pulasitiki kuchokera kumene anakapikula, choncho sakanadziwa. Apa mtima wanga unatsikako. Si chinyengo, ndi tsoka. Mnyamata uja akanangonena zimenezi, kapena kungoti dikirani ndifunse, ndemanga ino ikanakhala ya mizere itatu.

Buku lina lofanana nalo analibe. Anandipatsa kusankha: andibwezere ndalama ya buku limodzi, kapena anditumizire lakaunjika limene anali nalo kunyumba. Ndinasankha bukulo, ndalama ya basi analipira okha. Lafika lili lathunthu, ndawerenga manambala tsamba ndi tsamba ndisanakhale pansi. Koma ndi losindikiza lina, lalifupi, chikuto chakuda chopindika m'makona, ndipo m'bokosi lija limagwedera pakati pa anzake. Ndinalipira seti yatsopano, ndili ndi awiri atsopano ndi nkhalamba imodzi. Nyenyezi yachinayi yathera pamenepo.

Chimene sindimayembekezera ndi chimene anaikamo mu envelopu yomweyo. Tikucheza pa foni anandifunsa ngati ndinawerengapo nkhani za mtsogolo zolembedwa ndi Mmalawi, ine n'kuti za kuno ndimangodziwa za m'sukulu. Ananditumizira Azotus the Kingdom ya Shadreck Chikoti, imene inatuluka mu 2015 itapambana mphotho ya Peer Gynt mu 2013, nkhani ya Africa wa zaka 500 zikubwerazo. Anandibwereka, sanandigulitse, ndi kope lawolawo, dzina lawo lili mkati. Munthu amene sanandionepo nkhope, amene ndinali nditangomuchititsa manyazi pa Facebook. Ndili pakati kuliwerenga, ndipo ndilibweza ndithu. Pa tsamba lawo mabuku a alembi akuno saoneka kwenikweni, zithunzi zambiri ndi za achikondi akunja ndi aja ophunzitsa kulemera. Mayi, ngati mukuwerenga, oterewa muziwaika patsogolo, ogula tilipo.

Kodi ndidzagulanso? Inde, mlamu wanga walemba kale mndandanda wake. Koma mverani izi. Mukaitanitsa seti yomata, apempheni aitsegule n'kuona manambala a masamba asanatumize, amavomera. Likafika, inunso lipendeni tsiku lomwelo, musadikire kufika chakumapeto kwa buku ngati ine. Ndipo vuto likapezeka, musataye bandulo yanu pa nambala ya WhatsApp ili pa tsamba paja. Pemphani kulankhula ndi mayiwo. Mnyamata uja mpaka lero sanapepese, ndipo dzulo lomweli wanditumizira zithunzi za katundu watsopano, pamwamba atalemba "Madala, muone izi."