Sewero la aliyense kapena la kagulu kochepa?

Masewero apa TV ena amapangira aliyense, nkhani zake ndi zomwezija, chikondi, nsanje, kulimbirana chuma, moti olo uphonye ma episode asanu ukabwerera umatsatirabe bwinobwino. Amatero dala, akufuna anthu ambiri kuti otsatsa malonda alipire. Koma abale amakoka nkhani mpaka kutopetsa, munthu anamwalira kalekale mwadzidzidzi wabweranso eti.

Enawa ndi a kagulu kochepa, mwina zaukazitape kapena zasayansi, ma episode ochepa koma ukangoyang'ana pafoni pang'ono basi wasochera. Ambiri amakhala kolipira mwezi ndi mwezi ngati Netflix, ndiye sadandaula kuti wina samva. Ine ndimakonda amenewa, kungoti owonera akachepa amangowadula nkhani isanathe, zimawawa bwanji.