Maloya a ku Limbe amene anandilondolera ngongole ya mabuloko

Ndinapita ku ofesi ina ya maloya ku Limbe kampani ina yomanga nyumba itandizemba kwa miyezi isanu ndi itatu, itatenga kale mabuloko anga a simenti pangongole. Mapepala onse ndinawanyamula m'jumbo, ena ali ndi madontho a oyilo wa lole, ndipo loya amene anandilandira, mayi wosachulutsa gaga m'diwa, anayamba ndi kupatula okhawo amene kapitawo wa kampaniyo anasainapo polandira katundu. Anandiuza kuti malonjezo a pa WhatsApp amathandiza ndithu, koma chimene chimalemera kukhoti ndi siginecha.

Chimene ndikuwayamikira kwambiri n'chakuti sanandinamize kuti nkhaniyi ndi yophweka. Anandifotokozera kuti lamulo limapatsa munthu zaka 6 zoti asumire ngongole ya mtundu umenewu, koma kwacha sidikira munthu, ndipo aliyense amene ndalama zake zinali m'manja mwa ena mu Novembala 2023, pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, akudziwa bwino zimenezi. Kalata yoitanitsa ngongole itanyalanyazidwa, anakasuma ku nthambi ya High Court yoona milandu ya zamalonda, n'kundikonzekeretsa zokambirana za pamaso pa jaji monga mkhalapakati, zomwe malamulo a 2017 amafuna kuti zichitike mlandu usanazengedwe.

Kunena zoona, ine mtima unali pa kuona masherifu akunyamula makina a kampaniyo anthu akuona. Mayiwo anatenga pepala n'kundiwerengera mtengo wa thumba la simenti tsiku limene ndinapereka katundu, mtengo wake pa tsiku limene tinkakambiranalo, ndi ndalama zimene ndikanawalipira iwowo mlandu ukanatenga chaka china. Ndinavomera kusiya gawo la chiwongoladzanja, kampaniyo inavomera kulipira m'magawo atatu, ndipo pangano limene tinasaina lili ndi mphamvu ngati chigamulo cha khoti.

Zodandaulitsa zilipo. Foni ya pa ofesipo imangolira osayankhidwa, moti kawiri konse ndinakwera minibasi kukafunsa chinthu chimene akanatha kundiyankha ndi uthenga umodzi. Bilu yoyamba inabwera ili ndi mzere umodzi wokha, osasonyeza kuti za kukhoti ndi zingati, za ntchito yawo ndi zingati, ndipo anailongosola nditachita kuumirira. Amene akufuna kupitako apemphe kuti mitengo ilembedwe tsiku loyamba lomwelo.

Magawo awiri a ngongoleyo analowa kale ku akaunti yanga, lachiwiri litachedwa ndi sabata imodzi, ndipo lachitatu ndikuliyembekezera kumapeto kwa mwezi uno.