Buku Loyera: ndinaligula nthawi yomwe ndinasiya kupemphera

Ndinene zoona, namondwe Freddy atatitengera msuweni wanga ndi kamwana kake ku Chilobwe mu Malichi 2023, matope aja otsika m'phiri la Soche, ine zakutchalitchi ndinaziika kaye pambali. Pamaliro aliyense amangoti limbani mtima ndi chifuniro cha Mulungu, ine mumtima ndikuti chifuniro chanji chokwirira khanda m'matope usiku? Buku Lopatulika la agogo, lija linatuluka koyamba 1922, ndinaliponya pamwamba pa kabati, miyezi ingapo osaligwira.

Buku Loyera ndinaligula pa shopu ina ya mabuku ku Limbe, osati chifukwa chikhulupiriro chabwerera ayi, mayi anga ndi amene amandivutitsa. Shopuyo inandikwiyitsa pang'ono, la zilembo zikuluzikulu analibe ndipo chenji ndinadikira mpaka ndinaphonya minibasi ziwiri, koma zimenezo zisiyeni.

Baibuloli linatuluka 1998, Akatolika ndi mipingo ina anamasulira limodzi pansi pa Bible Society of Malawi, ndipo Chichewa chake ndi chomwe timayankhula. Poyamba dzina loti Chauta m'malo mwa Yehova limandiyabwa m'khutu, ndinakulira ku CCAP ine, pano ndazolowera.

Chomwe chinandigwira ndi Salimo 88. Kale ndimangolidutsa chifukwa Chinyanja chakale chija chimamveka ngati pemphero laulemu basi, koma apa ndinamva bwinobwino kuti munthuyu akukangana ndi Mulungu, akumufunsa chifukwa chomwe wamutayira, ndipo salimolo limathera mumdima, palibe aleluya kumapeto. Ndinaliwerenga katatu usiku umodzi magetsi atazima, ndi tochi ya foni. Kenako Yobu, anzake atatu aja akumuuza kuti ndithu walakwa penapake, ndendende anthu ena pamaliro pathu, ndiye kumapeto Mulungu anakwiyira anzakewo osati Yobu wodandaula uja. Zimenezi palibe anandiuzapo ku Sande sukulu.

Mafunso sanathe ayi, mvula ikachita mdima ku Soche mtima umandigundabe. Kutchalitchi ndabwerera koma ndimakhala kumbuyo kwenikweni, nyimbo zina sindiyimba nawo. Pemphero langa pano ndi la bambo uja wa pa Maliko 9:24, woti amakhulupirira komanso akufuna thandizo pa kusakhulupirira kwake.

Ngati mukugula, gulirani limodzi kachikwama ka zipi, langa lija m'chikwama cha kuntchito makona anayamba kale kupindika.