Malamba a nsalu a wotchi: ndawavala miyezi 9 kuno ku Nchalo, ndi suti yomwe

Malambawa ndinagula mu Okutobala chaka chatha kwa mnyamata wina wa ku Limbe amene amagulitsa pa WhatsApp. Atatu, K15,000 pamodzi ndi ya minibasi, ndipo ndinakawalandira kwa kondakitala pa siteji ya Nchalo ali mu kaenvulopu ka khaki. Wina wakuda, wina wotuwa ngati phulusa, wachitatu wamizeremizere, yofiira ndi yobiriwira. Ndinachita dala kuchedwa kulemba ndemangayi. Chinthu chovala pakhungu kuno kuchigwa sungachiyamikire chisanaone Novembala.

Ndiyambe ndi chimene chinandithamangitsa ku chikopa. Ntchito yanga ndi yoyendera magulu a alimi ndi amalonda amene atenga ngongole kubungwe kwathu. Lachiwiri mpaka Lachinayi ndimakhala pa njinga yamoto, ku Ngabu, ku Sorgin, ku Bangula, nthawi zina mpaka ku Nsanje. Lolemba ndi Lachisanu ndi za mu ofesi, tayi pakhosi, ndipo mabwana akatsika kuchokera ku Blantyre jekete imachoka pampando n'kupita pathupi, kaya kunja kuli madigiri 40 kapena kupitirira. Pa zaka ziwiri ndinataya malamba achikopa atatu. Matenda ake amodzimodzi: amayamba kuda m'kati, kenako amauma gwa ngati chikopa cha mbuzi chokhomedwa padzuwa, pomaliza amang'aluka pabowo limene mumamangapo tsiku ndi tsiku. Za fungo ndiye musanene. Usiku wina mayi a kunyumba anandiuza mwaulemu wawo wonse kuti, "Bambo, wotchi yanuyo bwanji izigona pakhonde limodzi ndi nsapato?" Ndinayesako lamba wachitsulo. Pa njinga, dzuwa likaswa mtengo, amatentha ngati chivundikiro cha poto, ndipo fumbi likasakanikirana ndi thukuta limapanga matope akuda m'timipata take, amene amathera pa mkono wa malaya oyera.

Malamba ansaluwa ogulitsa amawatcha a NATO. Anachokera kwa asilikali a ku Britain, kumene unduna wa zachitetezo unakhazikitsa kapangidwe kake mu 1973: nayiloni, mtundu umodzi wokha wotuwa, mamilimita 20 m'lifupi. Ndiye kuti wotuwa wangayu ndiye weniweni, mizeremizereyi ndi zobwera pambuyo. Nzeru yake yagona poti lambayo si zidutswa ziwiri ngati wachikopa. Ndi chingwe chimodzi chimene chimalowa pa kachitsulo kogwira lamba kam'mwamba kwa wotchi, n'kudutsa kunsi kwa wotchi, n'kutulukira pa kachitsulo kam'munsi. Kachitsulo kamodzi kakathyoka, wotchi imatsala ili lende pa kachitsulo kotsalako. Izi si zongomva. Mu Januwale, pa kamsewu kolowera kumidzi kuchokera ku Ngabu, njinga inatsetsereka m'matope ndipo dzanja langa linamenya chitsa. Nditadzuka ndinapeza wotchi ikulendewera chammbali, kachitsulo kamodzi katapita. Akanakhala wachikopa bwenzi ndikuifufuza m'thope mpaka dzuwa kulowa. Pa mbali imeneyi ndilibe nawo mlandu.

Koma amene mukuwerenga mukufuna kudziwa ngati malambawa amatheka kuvala ndi suti. Yankho langa ndi lakuti inde, amatheka, koma osati m'mene amabwerera mu envulopu, ndipo osati onse.

Vuto loyamba ndi kunenepa. Kunsi kwa wotchi kumadutsa nsalu ziwiri, lamba weniweniyo ndi kachidutswa kena kowonjezera kokhala ndi mphete yake. Wotchi imakwera m'mwamba, ndipo mkono wa malaya wokhala ndi batani sutha kuidutsa. Tsiku loyamba kuvala ndi suti tinali ndi msonkhano wa kumapeto kwa mwezi. Nthawi iliyonse ndikatambasula dzanja kuloza pepala, mkono wa malaya unkakakamira kuseri kwa wotchi, n'kukhala chokwinyika pamenepo, dzanja lamanzere n'kumaoneka ngati malaya ake ndi obwereka. Ndinatha msonkhano wonse ndikukokera pansi ndi zala. Vuto lachiwiri ndi mchira. Malambawa ndi aatali, ndiye ngati dzanja lanu ndi lochepa ngati langa, chotsalacho mumachipinda n'kuchibwezera mu mphete. Pamatuluka kachotupa pambali pa dzanja. Ndi malaya a manja aafupi palibe amene angalabadire. Ndi jekete, kamaoneka ngati mwabisa chithumwa.

Zonse ziwiri ndinazithetsa Loweruka lina m'mawa ndi sizasi ndi machesi. Kachidutswa kowonjezera kaja ndinakadula pafupi ndi msoko, n'kuwaula m'mphepete kuti ulusi usamasuke. Musaope, wotchi imakhalabe yogwidwa ndi tizitsulo tonse tiwiri, kungoti povula muzisamala chifukwa imatha kutsetsereka pa lambayo n'kugwa pansi, yanga inagwapo kamodzi pa simenti. Mchirawo ndinauyika pakati pa makobili awiri a K10 (mwapeza ntchito yawo, poti kumsika sagulanso ngakhale ndimu), n'kupana ndi pulayazi, n'kudula motsatira kuzungulira kwake, kenako n'kudutsitsa moto pang'ono. Nayiloni imasungunuka n'kumatana yokha. Musachedwetse moto, imapanga kachibulu kolimba kamene kamakanda khungu. Wakudayo atadulidwa chonchi amalowa pansi pa mkono wa malaya popanda kulimbana, ndipo munthu ali tsidya lina la tebulo sangadziwe kuti ndi nsalu.

Ndikunena zimenezi chifukwa ndamuvala Lolemba ndi Lachisanu lililonse kuyambira Novembala, ndi suti yakuda ndiponso ya buluu woderapo, ndipo palibe amene anayankhulapo. Pa zovala za ku ofesi kusayankhulidwa ndiye kukhoza mayeso.

Wamizeremizere ndi nkhani ina. Ndinamuvala kamodzi kokha ndi suti, tsiku limene abwana athu aakulu anabwera kudzaona mabuku. Iwo si munthu wonyoza. Atatha kusaina anayang'ana dzanja langa, n'kumwetulira, n'kunena kuti, "Akulu, wotchiyi mwabwereka kwa mwana?" Anzanga anaseka mpaka nthawi ya nkhomaliro, wina n'kumati ndadula lamba wa chikwama cha sukulu. Sindinakwiye chifukwa nditadziyang'ana pagalasi la chitseko ndinaona chimene iwo anaona. Suti imafuna kuti maso a munthu apite kunkhope yako ndi ku zimene ukunena. Mizere yofiira imawakokera padzanja. Ndi jinzi Loweruka, kukaonera mpira kapena kupita ndi ana ku Lengwe, ndi wokongola zedi. Ndi tayi ayi.

Wotuwa ali pakatikati. Akakhala wochapidwa kumene amagwirizana bwino ndi suti ya buluu, mwinanso kuposa wakuda. Koma fumbi la ku Ngabu masiku awiri okha limamusandutsa wa mtundu wa tiyi wamkaka, ndipo lamba wooneka wakuda ndi litsiro pansi pa malaya oyera ndi chipongwe kwa mwini wake. Komanso mphete zake zinayamba dzimbiri mu Febuluwale, pamene wogulitsa ananenetsa kuti ndi chitsulo chosachita dzimbiri. Za wakudayo zili mbee mpaka lero. Zikuoneka kuti malamba atatuwa sanachokere kumodzi ngakhale ndinawagula kwa munthu mmodzi. Wamizere uja mabowo ake anayamba kutulutsa ulusi mwezi woyamba womwe.

Wogulitsayo ndimuyamikire pa chimodzi. Wotuwa woyamba ananditumizira wa mamilimita 18 pamene wotchi yanga ndi ya 20, moti tizitsulo tinkaonekera mbali zonse. Nditamutumizira chithunzi sanakane, anangoti, "Pepani madala, ndasokoneza," n'kutumiza wina, ngakhale panapita masabata awiri. Inunso musanaitanitse tengani rula muyeze mpata wa pakati pa tinyanga ta wotchi yanu. Nthawi zambiri ndi 18, 20 kapena 22.

Pali bodza limodzi limene ogulitsa amakonda, lakuti nsalu imapuma ndipo simutuluka thukuta. Thukuta limatuluka ndithu, kuno ndi ku Shire. Mu Januwale ndi Febuluwale, mvula ikagwa usiku m'mawa dzuwa n'kutuluka, chinyezi chochokera m'minda ya nzimbe chili tho, lambayo amanyowa n'kukhala chinyowere mpaka madzulo. Ndinatuluka tizidzolo padzanja sabata imodzi mpaka nditaphunzira kumasula bowo limodzi ndi kuvula wotchi ndikangofika pakhomo. Wakudayo amalembanso mzere woyera wa mchere thukuta likauma. Kusiyana kwake ndi chikopa n'kwakuti uyu amachapika. Lamlungu madzulo ndimamusolola, sopo pang'ono, mswachi wakale, n'kumuyanika pazenera. Ndikamamaliza kusita malaya a Lolemba amakhala atauma, fungo mulibe. Chikopa ukachichapa ndiye wachipha.

Wotchi yakenso ili ndi mbali. Yanga ndi Casio yachitsulo choyera, yamivi, yonenepa pang'ono, ndipo nsalu imaiyenera. Ndinayesera wakudayo pa wotchi ya apongozi anga aamuna, yopyapyala, yamtundu wa golide, imene amavala kutchalitchi kokha. Inaoneka ngati gogo wovala nsapato za mpira. Mphete zoyera ndi wotchi yagolide sizimvana, ndipo nsalu imameza kukongola kwa wotchi yopyapyala. Iwo anangoyang'ana n'kunena kuti, "Mkamwini, bwezeranipo chakale chija." Ndinabwezera.

Malire a nsalu ndinawaona bwino mu Disembala. Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, ankachita chinkhoswe ku Ngabu ndipo nkhoswe ndinali ine. Ndinavala suti yakuda, wotchi ili pa lamba wakuda uja amene ku ofesi anali atakhoza kale. Tikutuluka, mayi a kunyumba anandigwira pamkono. "Lero mukuimira mtundu, si za ngongole izi. Nsaluyo ichoke." Ndinang'ung'udza, poti kuchotsa nsalu n'kuika nsalu ina ndi ntchito ya mphindi imodzi yopanda chida, koma kubwezera chikopa kumafuna kuzula tizitsulo tija ndi nsonga ya mpeni, uku galimoto ikuliza hutala panja. Ndinasintha ndithu. Zithunzi zitabwera ndinawapepesa mumtima. Pa mwambo wosinthana tambala ndi nkhuku yathadzi wojambula anayandikira kwambiri, manja anga ali pakati pa chithunzi, ndipo chithunzi chimenecho chapachikidwa pabalaza kwa mlongo wanga. Pafupi chonchija nsalu imadziwika kuti ndi nsalu. Ku ofesi anthu amakuona uli patali komanso ukugwira ntchito. Pa chinkhoswe, pa ukwati, pa maliro a munthu wamkulu, amakuyang'ana ndi diso lina, ndipo akuluakulu a kwathu kuno saphonya kanthu, ngakhale sanena pomwepo.

Amene amati nsalu ndi suti sizingayendere limodzi mpang'ono pomwe ndimawamvetsa, koma ndikuganiza kuti ambiri mwa iwo amakhala kumtunda. Munthu wa ku Zomba kapena ku Dedza lamba wake wachikopa angathe zaka ali wonyezimira. Atsike pa Thabwa, awoloke mlatho wa Kamuzu mwezi wa Novembala, akhale nafe masabata atatu, kenako tidzanunkhize lamba wakeyo. Kusankha kwathu kuno si pakati pa chikopa chokongola ndi nsalu. Ndi pakati pa chikopa chong'aluka chonunkha ndi nsalu yakuda yochapidwa dzulo. Pamenepo ine ndatenga nsalu, ndipo chikopa chimodzi chabwino ndachisunga mu kabati, m'kabokosi, cha masiku ngati a ku Ngabu aja. Chikamavalidwa kanayi kapena kasanu pa chaka chikhalitsa.

Pa nyenyezi zisanu, wakuda ndikumupatsa 4. Imodziyo ndachotsa chifukwa sindikuona chifukwa choti wogula azichita kugwira sizasi ndi machesi, wogulitsa akanamasunga opanda kachidutswa kowonjezera kaja, okonzeka kale. Wotuwa 3, chifukwa cha dzimbiri. Wamizere sindimuweruza, mlandu unali wanga womuvalira pamalo olakwika, ndipo pano ali padzanja la mphwanga uja. Sabata yatha ndinalembera mnyamata wa ku Limbe kuti anditumizire akuda ena awiri a mamilimita 20 Okutobala asanafike, ndipo ndamuuza kuti ayambe waona yekha mphetezo asanaike mu envulopu.