Dabo deka ya lona m'kanyumba kowedzera: kusoka kuli bho, koma msana unazizidwa

Amene mumakhala kuno ku Minnesota mukuidziwa kale misala ya anthu akuno, nyanja ikangouma basi aliyense akukoka kanyumba kake kukakakhazika pa ayisi nkumagona konko weekend yonse kudikira nsomba yotchedwa walleye. Ineyo anandilowetsa ndi alamu anga, mwamuna wa achemwali, munthu wobadwira komwe kuno. Kanyumba kathu ndi ka mafiti 8 kwa 16, pansi pali mabowo 6 oponyerapo mbedza, nde mukangoikamo bedi la matabwa mabowo awiri atsekeka ndipo poyenda palibe. Nchifukwa chake tinaganiza zopanga dabo deka ya lona yoti masana izipindidwira kukhoma.

Felemu tinapanga tokha mu galaja, mapaipi achitsulo, mbali imodzi mahinji kukhoma, mbali inayo ikulendewera pa matcheni awiri. Lonayo ndi yomwe tinakapereka ku shopu ina yosoka makava a maboti chakufupi ndi nyanja ya Mille Lacs, ndipo ndi shopu imeneyo ndikufuna ndiikambe.

Kusoka ndisaname amatha. Anagwiritsa lona yokhuthala ija, mmbali anapinda nkusoka mizere itatu, kumakona kumene nsalu imayambira kung'ambika anaphatikizako chigamba china. Alamuwo ndi chimunthu, makilo kupitirira 100, anadziponya pamwamba dala kuti tione ngati ulusi ulire, koma zii. Ukaliyang'ana lili ngati machira akuchipatala basi, nsalu pakati pa mapaipi awiri, ndipo likapindidwa limangotenga malo ngati jekete yopachika.

Pomwe anandikwiyitsa ndi pa miyezo. Tinawasiyira chidutswa cha paipi yathu kuti ayezere pomwe paipi izilowa, koma titakatenga paipi ikukana, anayeza osawerengera msoko. Tinalimbana nayo mpaka kupaka sopo kkkk, osatheka. Anavomera okha kuti alakwitsa nkusokanso osatilipiritsa, apo ndiwayamikire, koma zinatidyera masabata awiri ndipo foni amayankha mwa apo ndi apo. Nyengo yowedza pa ayisi njaifupi, masabata awiri si masewera.

Tinakaliyesa mu Januwale ku nyanja ya Lake of the Woods, kulowera cha ku Baudette, usiku kunja kukuzizira mpaka 30 pansi pa ziro. Apa mpomwe ndinaphunzira chimene ashopu aja sanatiuze, kaya anaona ngati aliyense amadziwa. Lona siisunga kutentha. Mabulangete mungafunde atatu koma kunsi kwa msana mphepo ikungodutsa, ndipo ine ndinali bedi lapansi kufupi ndi mabowo kumene kuzizira konse kumakhala. Alamu pamwamba akutuluka thukuta chifukwa kutentha kwa hita kumakwera kudenga, ine pansi mano akugundana, nyumba imodzi koma ngati wina ali ku Nsanje wina ku Dedza mu Juni. Cha mma 3 koloko rattle reel, kachokulungira ulusi wa mbedza kamene kamasokosa nsomba ikadya nyambo, inalira, ndinadzuka msanga osati chifukwa chokonda nsomba koma ndinali maso kale. Walleye yake inali yabwino ndithu.

Ulendo wachiwiri tinayala kamatiresi kopyapyala ka siponji pamwamba pa lona, vuto linathera pomwepo, ndipo kamapindika limodzi ndi bedilo. Pakutha pa sizoni lona yapamwamba inali itatamuka pang'ono pakati, ukagona umakhala ngati uli mu dishi. Ndikanadziwa ndikanawauza aboole timabowo ta zingwe kunsi kuti tizikoka ikalefuka, inu mukamapita muwauze zimenezo poyamba.

Wogona pamwamba akumbukire kuti hita ya gasi m'kanyumba kotseka imapha mwakachetechete, kachipangizo kolira kochenjeza za mpweya wapoizoni wa carbon monoxide kakhale ndi mabatire atsopano ndipo kazenera kakhale kotsegula pang'ono. Ndipo mu Malichi boma likamati tinyumba tichoke pa ayisi, lonayo muichotse muiyanike kaye, ife yapansi tinaipinda yachinyezi ndipo yachita chuku pakona imodzi.

Shopuyo ndingabwerereko, koma ulendo uno paipi ndikalowetsa ndekha pomwepo ndisanalipire.