Mapu apakhoma a mbiri ya Chisilamu: momwe ndikuwaonera tsopano

Nditangogula mapu awa chaka chatha ndinawayamikira kwambiri. Ndinanena kuti pepala lake ndi lokhuthala, lokutidwa ndi pulasitiki, zilembo n'zowerengeka ngakhale utaima pakhomo, ndipo mitundu yake itatu ikuonetsa bwino mmene ulamuliro wa Asilamu unakulira. Kubiriwira kwambiri ndi dera lomwe linali pansi pa Madinah pomwe Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, amamwalira mu 632. Kubiriwira kotuwa ndi madera omwe anaonjezereka m'nthawi ya makhalifa (atsogoleri a Asilamu olowa m'malo mwa Mtumiki) anayi oyamba, Abu Bakr, Umar, Uthman ndi Ali, kufika 661. Chikasu ndi cha banja la Umayya kufika 750. Pano mapuwa akhalitsa pakhoma la pabalaza, ana awagwiragwira ndi manja amafuta, ndipo ndili ndi zina zoti ndinene.

Pa kulimba ndilibe dandaulo lalikulu. Nthawi ya dzinja chinyezi chinapinda ngodya za m'munsi, ndipo chikasu chasuluka mbali ya ku Spain kumene dzuwa lamadzulo limawomba. Peni yolembera pa bolodi imafufutika ndi kansalu konyowa, choncho timalembapo momasuka.

Chomwe chatithandiza koposa ndi mzere wa zaka womwe uli m'munsi. Uli pawiri: pamwamba zaka zomwe timagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, pansi zaka za Hijra, zoyambira pa msamuko wa Mtumiki wochoka ku Makkah kupita ku Madinah mu 622. Mwana wanga wamkulu anaona yekha kuti mizere iwiriyi sikuyenda mofanana, ndipo mpamene ndinapezera pomufotokozera kuti chaka chotsatira mwezi chili ndi masiku 354, n'chifukwa chake Ramadan imabwera msanga ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse. Tsiku lina anatenga ulusi n'kuyeza kuchokera ku Damascus kukafika ku Gibraltar, kumene mtsogoleri wa nkhondo Tariq ibn Ziyad anawolokera ku Spain mu 711, kenako kuchokera ku Damascus komweko kukafika ku Sindh, m'dziko la Pakistan lero, kumene mtsogoleri wina wa nkhondo, Muhammad ibn Qasim, anafika m'zaka zomwezo. Anangoti, "Ababa, anthu amenewa ankayenda pansi?" Funso ngati limenelo buku silibweretsa msanga.

Koma mitundu ija, yomwe ndinaitama, ndiyo ikundivuta tsopano. Mwana akaona Egypt yense atapakidwa zobiriwira, amaganiza kuti Amr ibn al-As, amene anagonjetsa dzikolo, atangomaliza nkhondo cha m'ma 642, m'mawa mwake aliyense anadzuka Msilamu. Sizinali choncho. Utotowo ukuonetsa amene ankalamula ndi kutolera msonkho, osati zimene anthu ankapembedza. Akhristu a ku Egypt anakhalabe ochuluka kwa zaka mazana angapo. Ku Persia anthu ambiri anapitiriza chipembedzo cha Zoroaster. Akhristu ndi Ayuda ankalipira msonkho wa jizya n'kusunga matchalitchi ndi masunagoge awo, ndipo ena ankagwira ntchito m'maofesi a khalifa, monga banja lachikhristu la John wa ku Damascus. Asilikali achiarabu nawonso poyamba sanasakanikirane ndi eni nthaka. Ankakhala m'misasa yawoyawo, yomwe pambuyo pake inasanduka mizinda: Basra, Kufa, Fustat, ndi Kairouan womwe Uqba ibn Nafi anakhazikitsa mu 670. Pamapupa mizinda imeneyi ndi timadontho tofanana ndi Alexandria kapena Jerusalem, ngati kuti yonse inalipo kalekale. Ngakhale Chiarabu chinadzakhala chiyankhulo cha m'maofesi mochedwa, m'nthawi ya khalifa Abd al-Malik, yemweyo amene anamanga nyumba yopatulika ya Dome of the Rock ku Jerusalem cha m'ma 691 n'kusula ndalama ya golide ya dinar yopanda chithunzi cha munthu, yolembedwa mawu okhaokha. Zonsezi utoto umodzi umazikwirira ngati bulangeti pa bedi losayala.

Baghdad nayenso waikidwa pa mapu othera pa 750 popanda chaka pambali pake, chonsecho mzindawu unamangidwa ndi khalifa al-Mansur mu 762, ulamuliro uli kale m'manja mwa banja la Abbas. Ndinachita kulembapo chakacho ndi peni. Karbala alipo, ndi 680 pambali pake, koma palibe mawu ngakhale amodzi onena kuti kumeneko n'kumene anaphedwa Husayn, mdzukulu wa Mtumiki. Kholo lomwe silidziwa nkhani ya kugawikana kwa Asilamu kukhala Sunni ndi Shia lidzangodutsapo.

Chondiwawa kwenikweni ndi mbali ya kumunsi. Mapuwa adulidwa pang'ono kum'mwera kwa Yemen. Muvi wa msamuko wa ku Madinah ndi waukulu, wofiira, koma palibe muvi wa msamuko woyamba wa cha m'ma 615, pomwe maswahaba ena, otsatira oyamba a Mtumiki, anawoloka Nyanja Yofiira kukabisala ku Aksum, m'dziko la Ethiopia lero, kwa mfumu yachikhristu yomwe timaitchula Najashi. Ndiye kuti Chisilamu chinaponda mu Africa chisanafike ku Madinah, koma mwana woyang'ana pakhomapa sangadziwe. Gombe la Aswahili kulibiretu. Ndikumvetsa kuti mapuwa akuthera pa 750, komabe kwa ife kudula kumeneko kumabisa njira yomwe Chisilamu chinadzera kuno: osati ndi magulu ankhondo aja, koma ndi zombo zamalonda zoyenda ndi mphepo ya nyengo, mpaka Zanzibar, komwe mzikiti wa Kizimkazi uli ndi zolemba za 1107, ndi Kilwa, komwe wapaulendo wotchuka Ibn Battuta anacheza mu 1331. Kuchoka kugombe kumeneko mpamene chinadzalowa m'kati ndi amalonda achiyao ndi a Jumbe a ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1800. Ndinamata pepala lina pansi pa mapuwa n'kujambulapo gombelo ndi nyanja yathu, ndipo ana amaima nthawi yaitali pa pepala lomatalo kuposa pa Spain.

Kwa mphunzitsi wa kumadrasa kapena wa kusekondale amene aziima pambali n'kumafotokoza, mapuwa ndi ogulika ndithu. Kupachikira mwana kuchipinda kuti aziphunzira yekha ndiye ayi. Ndipo mukagula, musamate ndi tepi chifukwa imachotsa penti wa pakhoma. Khomani timitengo tiwiri, kumwamba ndi kumunsi, kutali ndi zenera.