Andisokera bwino buku la agogo, ngakhale anadula m'mbali mopitirira

Bambo amene amasoka ndi kumata mabuku m'tauni ya Lilongwe ndawapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ndinawatengera Nthondo, buku la Samuel Josiah Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, lomwe linatuluka koyamba mu 1933. Langali linali la malemu agogo aamuna. Chikuto chinasowa kalekale, chiswe chinadya ngodya imodzi, ndipo ukalitsegula masamba ena ankangopululuka okha.

Analisoka ndi ulusi, osati kungopaka guluu monga amachitira ena. Anaikapo chikuto cholimba chokutidwa ndi nsalu yakuda, masamba ong'ambika n'kuwamata ndi kapepala kopyapyala koti zilembo zikuonekerabe. Panopa limatseguka bwinobwino osathetheka pamsana. Anati sabata imodzi, koma zinakwana ziwiri. Zimenezo sindinadandaule nazo.

Chimene chinandiwawa n'chakuti polinganiza m'mbali anadulako mzere umene agogo analembapo dzina la mudzi wathu ndi pensulo. Latsala theka. Akanayamba andifunsa, ndikanati alisiye lokumbikakumbika momwemo. Inu amene mukufuna kupititsa buku lakale, nenanitu msanga kuti mpeni usafike m'mbali.

Bukuli ndinkawawerengera agogo madzulo pakhonde ndili sitandade 5, nyali ya koloboyi ili pambali. Kalembedwe kake n'kakale, kolemba c pomwe ife timalemba ch, ndiye ndikakakamira iwo ankandikonza maso ali chitsinzire, chifukwa nkhani yonse ankaidziwa pamtima. Nthondo anali mwana wovuta, wakuba, koma pambuyo pake anasintha n'kukhala mfumu ya mudzi. Nthawi imeneyo inenso dzina langa linali litaipa pamudzi chifukwa cha nzimbe za eni. Agogo sanandikalipirepo. Ankangoti, "Werenga, mdzukulu wanga, tione kumene athere mnyamatayu."

Lero ndine mphunzitsi wa ku pulayimale, ndipo mwana akagwidwa ndi cholembera cha mnzake, mtima wanga sulola kumutcha wakuba pamaso pa kalasi. Ndimamuitanira pambali. Khalidwe limeneli ndinalitenga pakhonde paja.

Dzulo mwana wanga wamkazi wawerenga masamba anayi oyamba popanda ngakhale limodzi kuthothoka. Mwezi wamawa ndiwapititsira bambowa buku la nyimbo la amayi, koma ndikawauza kuti asadule kalikonse.